Kudikira Nakonso ndi Ntchito: Phunziro Lochokera kwa Oyendetsa Ndege

M'boma la Phalombe mulibe bwalo la ndege zonyamula anthu, ndipo akhristu ambiri a m'maparishi athu ndege amangoiona ikudutsa pamwamba pa phiri la Michesi. Choncho owerenga ena afunsa kuti nkhani ya oyendetsa ndege ikudzatani pa tsamba la Mpingo. Yankho lake anthu a kuno akulidziwa kale. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi kudula misewu, madera ena monga Nkhulambe sankafikika pa galimoto. Chakudya ndi mankhwala zinkafika kudzera mumlengalenga, ndipo ena mwa mahelikopita amene anathandiza m'chigawo cha kumwera anachokera kwa anansi athu a ku Zambia ndi ku Tanzania. Oyendetsa ake sanatoledwe pamsewu tsiku lomwelo. Anali anthu ophunzitsidwa kale, amene gawo lalikulu la ntchito yawo ndi kukhala okonzeka, kudikira kuti lamya ilire.

Tikufuna tione za anthu otere. Pa ntchito yoyendetsa ndege pali zinthu ziwiri zimene zimalamulira moyo wa munthu kuposa malipiro amene: choyamba ndi nthawi imene amakhala akudikira kuitanidwa, chachiwiri ndi malo ake pa mndandanda wa ukale pa ntchito. Zinthu ziwirizi tikazimvetsa, tidzaona kuti sizachilendo kwa ife. Zili m'zipatala zathu, m'masukulu, m'misika ngakhalenso m'maparishi. Mfundo yathu ndi yakuti munthu amene wauzidwa kuti adikire ali pa ntchito, ndipo ukale pa ntchito uyenera kupatsa munthu ulemu ndi udindo, osati mpata wotulira katundu yense pamutu pa amene wabwera potsiriza.

Moyo wa wodikira kuitanidwa

Kumene dongosolo limeneli linakhazikika kwambiri ndi ku America. Kumeneko kuli makampani ang'onoang'ono amene amayendetsa ndege za maulendo afupiafupi m'dzina la makampani akuluakulu, ndipo achinyamata ambiri amayambira ntchito m'makampani oterewa. Mwezi uliwonse oyendetsa ndege amasankha ndandanda ya maulendo awo. Amene wapata ndandanda amadziwiratu masiku amene adzauluka ndi masiku amene adzakhala pakhomo. Koma ndandandazo sizikwanira onse, chifukwa kampani imasungako anthu ena oti alowe m'malo mwa mnzawo akadwala, akachedwa chifukwa cha nyengo yoipa, kapena maola ake ololedwa akatha. Awa ndiwo odikira.

Kudikiraku kuli kwa mitundu itatu. Pali amene amauzidwa kukadali maola ambiri, kawirikawiri 12, kuti adzanyamuka. Pali amene ayenera kufika pa bwalo la ndege pasanathe maola ochepa, kawirikawiri awiri, chiyimbireni lamya. Palinso amene amakhala pa bwalo pomwepo atavala yunifolomu, chikwama chili pambali. Munthu wotere saloledwa kumwa mowa, sangapite kutali, sangazimitse lamya. Sangalonjeze mwana wake kuti adzakhalapo pa tsiku la Ukaristia woyamba, kapena mkazi wake kuti adzamuperekeza ku sikelo. Tsiku lingathe osaitanidwa, koma tsikulo silinali lake.

Malipiro nawo ali ndi njira yake. Oyendetsa ndege amalipidwa potengera maola amene ndege yayenda, osati nthawi yonse imene akhala kunja kwa nyumba. Wodikira amapatsidwa malipiro a maola oikika pamwezi, kawirikawiri pafupifupi 75, kaya wauluka kaya sanauluke. Vuto lina ndi la malo okhala. Wongoyamba kumene sasankha mzinda womagwirirako ntchito, ndipo nthawi zambiri amatumizidwa kumene ena akukana, kumene nyumba ndi zokwera mtengo. Popeza banja lake lili kutali, amachita lendi bedi m'nyumba imene anthu ambiri amagona mosinthana, n'kumadikira m'menemo masiku anayi kapena asanu. Amene abale awo anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg akudziwa bwino kagonedwe kotere.

Mndandanda wa ukale

Tsiku limene woyendetsa ndege walembedwa ntchito amapatsidwa nambala, ndipo nambala imeneyo imamutsatira mpaka adzachoke. Amene ali pamwamba amasankha choyamba: masiku opuma, nthawi ya tchuthi, mzinda wogwirirako ntchito, mtundu wa ndege, ndiponso nthawi yokwezedwa kukhala kaputeni. Amene ali pansi amatola zotsala, ndiye kuti kudikira, maulendo a mbandakucha, Lamulungu, Khirisimasi ndi Pasaka. Kampani ikafuna kuchepetsa antchito imayambira pansi pomwepo. Ndipo nambalayi siyenda naye munthu. Kaputeni wa zaka 20 akasamukira ku kampani ina, kapena kampani yake ikatsekedwa, amakayambanso pansi pa mndandanda ngati mwana wa dzulo.

Tisafulumire kunyoza dongosolo limeneli, pakuti lili ndi nzeru yake. Mabungwe a antchito ndiwo analimenyera, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Pamene palibe mndandanda, amene amasankha wokwezedwa ndi bwana, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pamenepo: amakwera ndi wachibale, wakumudzi kwawo, wachipani, kapena wodziwa kushashalika. Pa ntchito ya ndege pali choopsa china choposa apa. Ngati kukwezedwa kudalira kukondweretsa bwana, woyendetsa ndege adzaopa kukana ulendo ngakhale nyengo ili yoipa kapena ndege ili ndi vuto. Nambala yosasinthika imamupatsa mphamvu yonena kuti ayi popanda kuopa kuti mawa amudumpha. Komanso ndi zoona kuti zaka zimaphunzitsa. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo amene wakumana ndi mphepo zambiri mumlengalenga ali ndi chimene wa chaka chimodzi alibe.

Ngakhale Mpingo umadziwa mndandanda wotere. Malamulo amene Benedikito Woyera analembera amonke ake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo amaika abale m'dongosolo potengera tsiku limene aliyense analowa m'nyumba ya amonke, osati msinkhu kapena banja lochokerako, kuti mwana wa mfumu asapondereze mwana wa mlimi. Koma malamulo omwewo amalangiza mkulu wa nyumba kuti pa nkhani zikuluzikulu azimva maganizo a onse, ngakhale a wamng'ono, amalamulanso akulu kukonda ang'ono. Apa ndi pamene pali kusiyana. Ukale wa Benedikito ndi wosunga mtendere. Ukale umene tikuudandaula ndi umene umasonkhanitsa zowawa zonse n'kuzisenzetsa munthu mmodzi, yemwenso malipiro ake ndi ochepa, ngongole ya maphunziro ikumudikira, ana ake ali aang'ono, ndipo luso lake silinakhwime. Zotsatira zake ndi zakuti ntchito yovutitsitsa, pa ola loipitsitsa, imagwera munthu wotopa kwambiri.

Zimene zinachitika ku Buffalo

Kuti zimenezi si nkhani ya m'mabuku chabe, anthu a ku America anaziona pa 12 Febuluwale 2009. Ndege ya kampani ya Colgan Air, imene inkachokera ku Newark, inagwera nyumba itatsala pang'ono kutera ku Buffalo. Anafa anthu 50: onse 49 amene anali m'ndegemo ndi mmodzi wa m'nyumbamo. Ofufuza anapeza kuti chimene chinagwetsa ndegeyo ndi kulakwitsa kwa kaputeni pamene makina anachenjeza kuti liwiro lachepa. Koma kafukufukuyo anaulula zina zimene zinadzidzimutsa anthu. Wothandizira kaputeni, mayi wa zaka 24 amene anali atagwira ntchito pa kampaniyo pafupifupi chaka chimodzi, ankalandira madola pafupifupi 16,000 pa chaka, ndalama zosakwanira kukhalira pafupi ndi New York. Ankakhala ku Seattle, kumalire ena a dzikolo, ndipo anayenda usiku wonse pa ndege zonyamula katundu kuti afike kuntchito. Kaputeni naye kwawo kunali ku Florida, ndipo anapezeka kuti usikuwo anali m'chipinda chopumuliramo antchito pa bwalo la ndege. Ofufuzawo anati n'kutheka kuti kutopa kunachepetsa tcheru cha onse awiri.

Abale a omwalirawo sanangolira n'kukhala chete. Anapita kangapo ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo mu 2010 lamulo latsopano linakhazikitsidwa. Kuyambira mu 2013 wothandizira kaputeni anayamba kufunika maola 1,500 a kuuluka asanalembedwe ntchito, m'malo mwa 250 akale, kupatula ena ophunzira ku usilikali ndi ku masukulu ovomerezeka. Mu Januwale 2014 malamulo a kupuma anayamba kugwira ntchito: maola 10 opuma munthu asanayambe ntchito, asanu ndi atatu mwa iwo akhale oti angathe kugona osasokonezedwa, maola 30 otsatizana opanda ntchito iliyonse m'masiku asanu ndi awiri, ndipo nthawi yodikira lamya ya kuitanidwa mwachangu isapitirire maola 14. Wodikira pa bwalo la ndege, nthawi yake yonse imawerengedwa ngati ya ntchito. Woyendetsa ndege aliyense amatsimikiza asananyamuke kuti ali ndi mphamvu zokwanira, ndipo akanena kuti watopa, kampani siloledwa kumuumiriza.

Tionetsetse chimene lamuloli linavomereza. Linavomereza kuti kudikira kumatopetsa ngati ntchito ina iliyonse, choncho kuyenera kukhala ndi malire. Chomvetsa chisoni ndi chakuti panafunika maliro a anthu 50 kuti chinthu chodziwikiratuchi chilembedwe.

Kuno kwathu

Dziko lathu lili ndi oyendetsa ndege ochepa, koma nawonso alawa kuwawa kwa ntchitoyi. Kampani ya Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatsekedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole, ndipo antchito ake, achiyambakale ndi atsopano omwe, anaona kuti zaka zambiri pa kampani imodzi sizitchinjiriza munthu kampaniyo ikagwa. M'malo mwake munabwera kampani yatsopano imene boma linatenga magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines inatenga 49, ndipo inayamba maulendo ake pa 31 Januwale 2014. Ina mwa ndege zimene inayamba nazo inali ya mtundu wa Q400, wofanana ndi wa ndege ya ku Buffalo ija. Tikutchula izi osati poopseza, pakuti ofufuza sanapeze vuto pa ndegeyo, koma posonyeza kuti makina ndi amodzi pa dziko lonse. Chimene chimasiyana ndi kasamalidwe ka munthu wowayendetsa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, maulendo a ndege zonyamula anthu anaimitsidwa kuyambira mu Epulo mpaka mu Seputembala, ndipo apo aliyense wa m'ntchitoyi anasanduka wodikira.

Tonse tikukumbukiranso tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo ili yoipa, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Klaus Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Atatu mwa iwo anali asilikali ogwira ntchito m'ndegemo: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani ndi Major Wales Aidin. Maina awo satchulidwa kawirikawiri, chonsecho iwonso anasiya mabanja. Ndi momwe zimakhalira ndi anthu oitanidwa: ulendo ukayenda bwino palibe amawafunsa dzina, ndipo amakumbukiridwa pokhapokha zinthu zikalakwika.

Odikira a ku Phalombe

Tsopano titsike pansi, tione boma lathu lino. Kwa zaka zambiri chipatala cha Holy Family ndicho chinkalandira odwala ovutikitsitsa a m'boma lonse, ndipo aliyense amene anagonapo ndi wodwala m'chipatala akudziwa kuti usiku pamakhala dokotala kapena namwino amene ali kunyumba koma sali pa tchuthi. Mayi woyembekezera akafika pakati pa usiku zinthu zitavuta, amene amadzutsidwa ndi iyeyo, ndipo m'mawa ayenera kupezekanso pa ntchito. Woyendetsa ambulansi pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amagona khutu lili kunja. Mlonda amachezera usiku wonse osachita kanthu kooneka, koma kusachita kanthuko ndiyo ntchito yake. Nanga m'malo onsewa, ndani amapatsidwa usiku wa Loweruka ndi tsiku la Khirisimasi? Kawirikawiri ndi amene wangofika kumene.

Palinso odikira a mtundu wina, amene sali ngakhale pa mndandanda wa malipiro. Achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi amatha zaka akudikira kuti boma liwalembe ntchito, gulu la chaka china likudikira kuti la chaka cham'mbuyo lithe kaye, chonsecho m'makalasi ana ali thithithi pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Anamwino ena omaliza maphunziro amagwira maganyu a lokamu, kuitanidwa pamene pasowa munthu, osadziwa ngati mwezi wamawa adzafunikanso. Akabaza a pa Migowi ndi pa Chiringa amatha tsiku akudikira wokwera. Amene amapita kukathyola tiyi m'minda ya ku Mulanje amadziwa kuti ntchito yambiri ndi ya nyengo, ndipo nyengo ikatha woyamba kubwerera kumudzi ndi amene sanakhazikike. Pa nthawi yokolola nandolo, waganyu amalawirira pakhomo pa mwini munda n'kubwerera chimanjamanja ngati anthu akwana kale.

Malamulo a dziko lathu sali chete pa za ntchito. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka ndiponso kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata, limalamula tsiku lopuma sabata iliyonse, ndiponso malipiro apadera pa maola opitirira. Koma lamulo limathandiza pamene maola akuwerengedwa. Ngati wolemba ntchito amawerenga ola lokhalo limene namwino anali m'chipinda chochitira opaleshoni, n'kuiwala maola khumi amene anakhala womangika pafupi ndi lamya, ndiye kuti pa pepala zonse zili bwino pamene munthu akutha.

Ndipo ife a ku Phalombe tili ndi chifukwa chapadera chosamalira odikira. Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndiponso Freddy wa mu 2023, anatiphunzitsa kuti tsoka kuno limabwera mwadzidzidzi. Dera lotere limakhala ndi moyo chifukwa cha anthu amene amalipidwa kuti akhale okonzeka, ngakhale pa masiku amene sakufunika. Kuwaona ngati ongodya ndalama za ulele ndi kuiwala msanga.

Chiphunzitso cha Mpingo

Pa Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera, mutu 20, Ambuye Yesu anaphera fanizo la mwini munda wamphesa amene analemba aganyu m'mamawa, ena dzuwa litakwera, ena masana, ndipo ena kutatsala ola limodzi kuti aweruke. Otsirizawo sanali aulesi. Anaima pa msika tsiku lonse chifukwa panalibe wowalemba. Madzulo mwini munda anayamba kulipira otsirizawo, ndipo anawapatsa ndalama yofanana ndi ya oyamba. Oyambawo anang'ung'udza, ngakhale kuti sanalandidwe kanthu pa zimene anapangana. Fanizoli kwenikweni likunena za chifundo cha Mulungu, koma likutionetsanso mtima wake pa munthu wodikira: Mulungu amawerenga maola amene munthu anaima pa msika, ndipo amadziwa kuti ana a wotsiriza amamva njala mofanana ndi ana a woyamba.

Apapa akhala akubwereza mfundo yomweyi. M'kalata yake ya Rerum Novarum ya chaka cha 1891, Papa Leo XIII anaphunzitsa kuti ntchito isapitirire mphamvu za munthu, kuti wantchito apatsidwe nthawi yopuma ndi yopembedza, ndiponso kuti ngati munthu wavomera malipiro osakwanira chifukwa cha umphawi kapena mantha, kuvomerako sikusandutsa chisalungamo kukhala chilungamo. Mau amenewa akuyankha aja amene amati wongoyamba kumene anasaina yekha, ankadziwa zimene akulowa. M'chaka cha 1981, Papa Yohane Paulo II m'kalata ya Laborem Exercens anakumbutsa kuti ntchito inapangidwira munthu, osati munthu kupangidwira ntchito, natchula ufulu wa kupuma, makamaka Lamulungu, ndi malipiro okwanira kusamalira banja. Anaonjezanso kuti udindo suli pa bwana yekha amene amasaina kalata ya ntchito, koma ulinso pa boma, malamulo ndi mabungwe onse amene zochita zawo zimakhudza moyo wa wantchito. Ndipo maepiskopi athu, m'kalata yawo yotchuka ya nyengo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, anadandaula poyera za malipiro ochepa ndi kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka m'dziko muno.

Chiphunzitsochi sichikuthetsa ukale pa ntchito. Chikuubwezera pa malo ake. Mwambi wathu umati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kukhala pamwamba pa mndandanda kuyenera kutanthauza kuti pa nthawi yovuta ndiwe woyamba kuimirira. Chiyambakale amene amati ine ndinavutika kale, nawenso uvutike, wasandutsa zowawa zake kukhala cholowa chosiyira ana, ndipo cholowa chotere mkhristu sasiya.

Tiyambire m'nyumba mwathu

Msonkhano wa maepiskopi a dziko lonse wa chaka cha 1971 unanena kuti Mpingo ukafuna kulankhula za chilungamo kwa ena, uyambe wakhala wolungama pamaso pawo. Malamulo a Mpingo nawonso ndi omveka: gawo 231 limati akhristu eniake amene adzipereka ku ntchito ya Mpingo ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera osamalira mabanja awo, ndipo gawo 1286 limalamula oyang'anira chuma cha Mpingo kutsata malamulo a dziko a za ntchito.

Inu akatekisiti mukudziwa bwino tanthauzo la kudikira. Maliro sapangana tsiku. Uthenga umafika usiku, ndipo m'mawa mumasiya khasu m'munda, kukwera njinga kupita ku mudzi wakutali. Wansembe akalephera kufika chifukwa mtsinje wadzaza, amene amatsogolera mapemphero a Lamulungu ndinu. Mu Meyi 2021 Papa Fransisko anakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka mu Mpingo wonse, ndipo ulemu umenewu uyenera kuonekera m'zochita. Makhonsolo a maparishi adzifunse: kodi maliro a kutali ndi maulendo a nyengo ya mvula timagawana bwanji? Kodi katekisiti amene wataya tsiku la kumunda, mphakati umamuthandiza kupalira? Kodi mlonda ndi wophika wa pa parishi ali ndi tsiku lopuma lodziwika, ndipo amatha kupita ku Misa ndi banja lake? Mafunso omwewa akukhudza nyumba za ansembe ndi za asisitere, pamene pali chizolowezi chakuti nthambi zakutali ndi odwala a usiku ndi za wamng'ono.

Zoyenera kuchita

Choyamba, nthawi yodikira iwerengedwe ndipo ilembedwe. Wolemba ntchito aliyense, kaya ndi boma, Mpingo kapena munthu wamba, agwirizane poyera ndi wantchito wake kuti kudikira kukuyamba nthawi yanji, kukutha nthawi yanji, ndipo malipiro ake ndi otani. Amene wachezera usiku apatsidwe nthawi yogona asanayambenso ntchito.

Chachiwiri, zowawa zizigawidwa mosinthana. Achiyambakale asunge ulemu wawo pa kukwezedwa ndi pa malipiro, koma usiku, Lamulungu ndi masiku a zikondwerero ziziyenda mwa kasinthasintha, kuti wongoyamba kumene nayenso adye Khirisimasi ina ndi ana ake. Ndipo pa ntchito zoopsa, watsopano asasiyidwe yekha pa ola lovuta.

Chachitatu, munthu akhale ndi ufulu wonena kuti watopa popanda kulangidwa. Dalaivala wa ambulansi amene akuodzera, kapena namwino amene maso akuchita chidima, akanena zoona ateteza miyoyo yathu. Ife okwera ndi ife odwala tisakhale oyamba kumunyoza.

Chachinayi, magulu a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi aphunzitse akhristu zimene malamulo a za ntchito amanena, ndipo apitirize kufunsa aphungu athu za aphunzitsi ndi anamwino amene anamaliza maphunziro koma akadali pakhomo. Abale a anthu a ku Buffalo anasintha lamulo chifukwa sanatope kugogoda. Ife tisadikire maliro kuti tiyambe.

Pa Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 12, Ambuye akusimba za antchito amene mbuye wawo anawapeza ali maso pakati pa usiku, nyale zikuyaka. Mbuyeyo sanawafunse kuti agwira ntchito yanji usiku wonsewo. Anawakhazika pansi, iye mwini n'kuyamba kuwatumikira. Pa misonkhano ya miphakati sabata ino, tiyeni titchule maina a anthu a m'dera lathu amene amakhala maso kuti ife tigone, tiwapempherere, kenaka tifunsane chimodzi chimene tingachite kuti katundu wawo apepuke.